Masiku 41 a mphwanga m'manja mwa boma

Akonzi,

Ndiloleni ndifotokoze patsamba lanu zomwe banja lathu linakumana nazo chaka chatha, m'nyengo yokolola mpunga, pamene mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anamangidwa. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndakhala m'boma la Zomba moyo wanga wonse, ndipo ndinkadziyesa munthu wodziwa zinthu popeza nyuzipepala ndimawerenga ndipo wailesi sindisiyana nayo. Koma tsiku lomwe mlongo wanga anafika pakhomo panga mbandakucha, mame ali m'miyendo, nkunena kuti, "Achimwene, mphwanu wagona ku polisi," ndinazindikira kuti pankhani ya zomwe zimatsatira munthu akagwidwa ndinali mbuli yotheratu. Mnyamatayo anakhala wotsekeredwa masiku 41 pa mlandu womwe pamapeto pake khoti linapeza kuti panalibe choti ayankhe. Sinditchula polisi, khoti kapena ndende yomwe izi zinachitikira, chifukwa cholinga changa si kuloza munthu chala. Ndikulemba chifukwa ndikawerenga masiku amenewo, ndimapeza kuti ambiri mwa iwo anatayika kaamba koti ife abale tinakhala duu pamene tinayenera kupempha, ndipo omwe ankadziwa choyenera kupempha sanatinong'oneze.

Mphwanga amachita kabaza wa njinga yamoto. Njingayo sinali yake koma ya bwana wina yemwe ankalandira ndalama yake madzulo aliwonse. Tsiku lina chisisira, munthu anamuimitsa pamsewu pafupi ndi chigayo cha mpunga ali ndi matumba awiri, nkupempha kuti amufikitse kumsika. Anamvana mtengo, anamanga matumbawo ndi mphira, ulendo unayambika. Patapita masiku atatu zinamveka kuti mpungawo unali wobedwa, ndipo mlonda wa pachigayo anakumbukira njingayo ndi jekete lonyezimira la woyendetsa, pamene munthu anakweza katundu uja anali atazimiririka. Lachinayi madzulo apolisi anamupeza mphwanga pa siteji, namutenga pamodzi ndi njinga.

Chinthu choyamba chomwe sindinkadziwa ndi chakuti kuyambira pomwe munthu wagwidwa, nthawi imayamba kuwerengedwa. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino, omwe tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, limanena kuti womangidwa auzidwe msanga chifukwa chomwe wamangidwira m'chiyankhulo chomwe akumva, auzidwenso kuti ali ndi ufulu wokhala chete, aloledwe kulumikizana ndi abale ake, loya, dokotala kapena mtsogoleri wa chipembedzo chake, ndipo aonekere pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera nthawi yomwe khoti silikugwira ntchito, monga Loweruka, Lamulungu kapena tsiku la tchuthi, munthuyo ayenera kuonekera tsiku loyamba lomwe khoti latsegula, apo ayi atulutsidwe. Ife a kuno ku Zomba tiyenera kumvetsa kuposa ena chifukwa chomwe mawu amenewa analembedwera, pakuti Mikuyu ili pakhomo pathu pomwepa, ndipo achikulire tikukumbukira nthawi ya chipani chimodzi pamene munthu ankatha kutengedwa usiku nkukhala zaka kumeneko osaonapo nkhope ya woweruza. Mphwanga anagwidwa Lachinayi, kotero maola ake anatha Loweruka madzulo, ndipo anayenera kukhala kukhoti Lolemba m'mawa. Anapita Lachitatu. Palibe mmodzi wa ife yemwe anafunsa, chifukwa tinkaganiza kuti tsiku lopita kukhoti ndi chifundo cha apolisi.

Masiku asanu ndi limodzi amenewo sindidzawaiwala. Mlongo wanga ankadzuka usiku kuphika nsima ndi utaka, nkuika m'kontena, nkuyenda wapansi mpaka pamsewu. Pa kauntala ankamuuza kuti ayambe walawa yekha chakudyacho, iye nkutema mbamu, kusunsa, kumeza misozi ili m'maso, kenako kontena nkulowa. Mnyamatayo ankatulukira pachitseko cha chitokosi wopanda nsapato, wopanda lamba, dzanja limodzi litagwira thalauza, ndipo tsiku lililonse ankafunsa funso lomwelo lakuti, "Malume, akuti chiyani?" Ine ndinalibe yankho.

Pano ndiyenera kuulula kupusa kwanga. Panja, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala bambo wina wovala bwino, yemwe sanali wa yunifolomu ndipo mpaka lero ntchito yake yeniyeni ndi yomwe anthu amaitcha udobadoba. Anandikokera pambali nkundiuza kuti nkhani ngati imeneyi imafuna kuyankhula bwino ndi akuluakulu, ndipo kuti iye akhoza kutithandiza titapeza kangachepe. Tinagulitsa mbuzi, tinamupatsa. Mawa lake anati akuluakulu apita kumsonkhano, mkuja wake sanaonekenso. Ndinadzadziwa mochedwa kuti belo ya ku polisi ndi yaulere, kuti mkulu wa polisi ali ndi mphamvu yotulutsa munthu pa mlandu womwe si waukulu kwambiri kuti azidikira tsiku la khoti ali kwawo, ndipo kuti chomwe chimafunika ndi kupempha poyera, pamaso pa mkuluyo, muli ndi anthu odalirika olonjeza kuti woganiziridwayo sathawa. Akhoza kukana, ndipo nthawi zina amakhala ndi zifukwa zomveka, koma ife sitinafike nkomwe pokanizidwa. Ndinapereka chiphuphu pa chinthu chomwe sichigulitsidwa, kwa munthu yemwe analibe mphamvu yochipereka, ndipo potero ndinapalamula mlandu ine mwini pofuna kuwombola munthu wosapalamula.

Tsiku lachiwiri anamulembetsa sitetimenti. Iye akuti anauzidwadi mawu ena mothamanga onena kuti sakukakamizidwa kuyankhula, koma munthu yemwe wagona pa simenti, ndipo sanayambe walowapo m'chitokosi chibadwire, samva mawu oterowo ngati ufulu. Anafotokoza zonse, anasayina osapempha kuti amuwerengere zomwe zalembedwa. Mwayi wake unali wakuti wapolisiyo analemba mokhulupirika. Koma ndikupempha owerenga kuti asadalire mwayi. Malamulo amaletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu, komabe pepala lomwe mwasayina kapena kudindapo chala limakatuluka kukhoti, ndipo kulikana kumeneko ndi chintchito, chifukwa khoti limatha kulilandira kaye kenako nkumaunika ngati zomwe zalembedwazo zili zoona. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti ayankhula akaonana ndi loya kapena akafika kukhoti, ndipo ngati wasankha kuyankhula, aumirire kuti amuwerengere mzere uliwonse asanagwire cholembera.

Lachitatu lija tinalawirira kukhoti la majisitireti. Oganiziridwa anafika awiriawiri, unyolo umodzi manja awiri, ndipo anawakhazika pabenchi lakutsogolo. Milandu inkathamanga ngati madzi a mu Likangala mvula ikagwa kuphiri. Woweruza ankayankhula Chingerezi, woimira boma, yemwe m'makhoti ang'onoang'ono nthawi zambiri amakhala wapolisi, ankayankhanso Chingerezi, ndipo womasulira ndiye anali mlatho wokhawo pakati pa anthu ovala majekete ndi anthu opanda nsapato. Dzina la mphwanga litaitanidwa, anamuwerengera mlandu wakuba matumba awiri a mpunga, nkumufunsa kuti, "Wamva mlanduwu? Ukuvomera kapena ukukana?" Iye anayankha kuti, "Ndinanyamuladi matumbawo, bwana, koma sindinkadziwa kuti ndi obedwa." Mtima wanga unagunda, chifukwa ndinaganiza kuti wadzimangirira yekha. Woweruza anaweramira pepala, nanena kuti khoti lalemba kuti wakana mlandu. Apa ndiyenera kuyamikira, chifukwa ndi momwe lamulo limafunira. Kuvomera mlandu kumawerengedwa pokhapokha munthu wavomera mbali zonse za mlanduwo popanda "koma", ndipo khoti liyenera kutsimikiza kuti akumvetsa zomwe akuvomerazo ndi zotsatira zake.

Ndachedwa pa mfundo imeneyi dala, chifukwa m'chitokosi momwemo munali mnyamata wina wa msinkhu wake, yemwe ankamuganizira kuti anaba foni. Anzake a m'chitokosi, omwe amadziyesa maloya chifukwa cholowa kawirikawiri, anamulangiza kuti akangovomera, woweruza amumvera chisoni, amulipiritsa faindi pang'ono, madzulo akagona kwawo. Mnyamatayo ankalumbira kuti foniyo anachita kugula, koma anali atatopa ndi nsabwe ndi fungo la ndowa. Anavomera pamaso pathu, woimira boma anawerenga momwe nkhani inayendera, iye anati ndi zoona, ndipo asanadye nkhomaliro anali mkaidi. Kuba wamba chilango chake chimatha kufika zaka zisanu, ndipo ngakhale iye sanapatsidwe zonsezo, faindi yomwe analonjezedwa ndi anzake sinatchulidwe nkomwe. Wolakwadi akavomera amachita bwino, sataya nthawi ya khoti, ndipo makhoti amaganizira zimenezo pochepetsa chilango. Koma kuvomera chinthu chomwe sunachite pofuna kuthawa masiku ochepa a m'chitokosi ndi kulumpha dzenje nkugwera m'chitsime, ndipo mbiri yoti unamangidwapo imakutsata pofuna ntchito ngakhale pa mlandu wina uliwonse wam'tsogolo.

Mphwanga atakana, woimira boma anapempha kuti asungidwe kaye popeza ankafunafunabe munthu anakweza matumba uja. Woweruza anatchula tsiku lina, milungu iwiri kutsogolo. Panali kamphindi kachete, ndipo tsopano ndikudziwa kuti kamphindi kameneko ndi komwe kanatidyera mwezi wathunthu. Mnyamatayo akanangokweza dzanja nkunena kuti, "Bwana, ndikupempha belo," khoti likanayenera kumva pempholo. Ine ndinali pabenchi lachitatu, chiphaso cha unzika chili m'thumba, wokonzeka kumuimira, koma ndinkakhulupirira kuti belo amapempha ndi loya yekha, ndipo kuti munthu wamba akayankhula m'khoti asanafunsidwe amamangidwa. Anamutenga kupita ku rimandi.

Za m'ndende sindinena zambiri, chifukwa a Malawi akuzidziwa ndipo makhoti enieniwo anazinena kale. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu, kuphatikizapo kusowa kwa mpweya wokwanira, ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo linalamula boma kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka m'miyezi 18. Ndende yaikulu ya kuno ku Zomba inamangidwa mu 1935, pamene anthu m'dziko muno anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi lero. Chomwe ndikufuna owerenga aganizire ndi chakuti munthu wa pa rimandi sanapezeke wolakwa. Malamulo amati aliyense ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndipo amati, kupatula pa zifukwa zapadera, asasakanizidwe ndi omwe akugwira ukaidi. Komabe amagona chogonera mbali imodzi, amadya mgaiwa ndi nandolo kamodzi patsiku, amamvera nyapala, ndipo akatuluka amabwera ndi mphere ndi chifuwa chimodzimodzi ndi wopalamula.

Tsiku la khoti litakwana, tinadikira mpaka masana koma oganiziridwa sanabwere, akuti galimoto inalibe mafuta. Anatipatsa tsiku lina. Pa tsiku limenelo mphwanga anabwera, koma mwini mpunga sanaoneke, ndipo mlandu unaimitsidwanso m'mphindi zosakwana zitatu. Ulendo uliwonse unkatidyera ndalama ya minibasi ya anthu atatu ndi tsiku lathunthu la ntchito ya kudimba.

Yemwe anatitsegula maso anali mayi wina mwa alangizi a zamalamulo omwe amayendera ndende kukaphunzitsa akaidi. Anthu amenewa si maloya ndipo sayankhulira munthu m'khoti, koma ntchito yawo, yomwe bungwe la Paralegal Advisory Service Institute (PASI) ndi omwe analiyambitsa akhala akuigwira kuyambira m'chaka cha 2000, ndi yofotokozera omangidwa momwe milandu imayendera ndi kulondola abale awo. Mayiyo anaphunzitsa gulu la a pa rimandi momwe angapemphere belo okha, anawayeserera ngati sewero, wina kukhala woweruza wina woimira boma, kenako anandiimbira foni. Kwa iye ndi komwe ndinamva koyamba kuti m'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la kayendetsedwe ka milandu, lotchedwa Criminal Procedure and Evidence Code, nkuikamo malire a masiku omwe munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe kuzengedwa. Pa milandu yozengedwa ndi majisitireti malirewo ndi masiku 30, pamene pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra, kuba moopseza ndi kuukira boma ndi masiku 90. Boma likafuna masiku oonjezera liyenera kupempha kukhoti ndi kupereka zifukwa, ndipo oonjezerawo sapitirira 30. Malirewo akadutsa, khoti likhoza kupereka belo ngakhale popanda wopempha. Pamene ndinkamva zimenezi, mphwanga anali atadutsa kale masiku 30, ndipo palibe mboni ngakhale imodzi yomwe inali itaperekera umboni.

Pa tsiku lotsatira la khoti anaimirira, mawu akunjenjemera, napempha belo. Ananena komwe amakhala, dzina la mfumu yake, kuti ali ndi mkazi ndi mwana wakhanda, kuti sanamangidwepo, ndi kuti malume ake ali m'khoti momwemo. Woweruza anafunsa woimira boma ngati akutsutsa, ndipo iye anati sakutsutsa. Akonzi, mawu amenewo anandipweteka kuposa china chilichonse, chifukwa anatanthauza kuti mwina sakanatsutsa ngakhale tsiku loyamba lija.

Ndikofunika kuti anthu amvetse chomwe khoti limayang'ana. Malamulo oyendetsera dziko amati womangidwa ali ndi ufulu wotulutsidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe, ndipo makhoti athu anafotokoza kale kuti ndi udindo wa boma kuonetsa chifukwa chomusungira. Lamulo la m'chaka cha 2000 lotsogolera za belo limatchula zomwe woweruza ayenera kuganizira, monga ngati munthuyo angathawe, ngati angaopseze mboni kapena kusokoneza umboni, ngati angaike moyo wa ena pachiswe, komanso ngati kutuluka kwake kungabutse chisokonezo. Ndiye chifukwa chake mboni za belo zili zofunika kwambiri. Ine ndi mlamu wanga anatiitana kutsogolo, anatilumbiritsa, anatifunsa ubale wathu ndi woganiziridwayo, komwe timakhala, ntchito yathu ndi katundu yemwe tili naye, natichenjeza kuti mnyamatayo akathawa ndife amene tidzalipe ndalama yomwe tasayinira. Ndalama ya ife mboni sitinapereke tsiku limenelo, inali lonjezo chabe. Ya mwini mlandu tinalipira kwa kalaliki nkulandira risiti ya boma, ndipo ndalama yotere imabwezedwa mlandu ukatha ngati munthuyo wasunga zonse zomwe analamulidwa. Analamulidwanso kuti azikaonekera ku polisi Lachisanu lililonse lachiwiri ndi kuti asayandikire mboni za boma.

Atafika kumudzi, ena anayamba kunong'onezana kuti tagula mlandu. Maganizo amenewa ndi ofala ndipo ndi oopsa. Anthu ambiri akaona woganiziridwa akuyenda pamsika patapita masiku ochepa, amati apolisi adya ndalama, ndipo mawa akagwira wina samupititsanso ku polisi koma amafunafuna matayala ndi petulo. Belo si kumasulidwa, mlandu umakhala ulipobe, ndipo wothawa belo amasakidwa nkubwezedwa m'ndende. Ndimamumvetsa munthu woberedwa, chifukwa nanenso anandiberapo chimanga m'nkhokwe ndipo ndinkafuna wakubayo aone zakuda. Mwini mpunga uja anataya chakudya cha ana ake, ndipo mkwiyo wake unali woyenera. Koma akanakhala kuti apolisi ndi makhoti amafotokozeranso odandaula chomwe belo ili, ndi tsiku lomwe akufunika kukhoti, mphekesera za ziphuphu zikanachepa, ndipo zenizeni zikanaonekera msanga.

Mlandu unayamba kuzengedwa patapita mwezi wina. Boma ndilo limayamba, chifukwa ndilo liyenera kutsimikizira khoti popanda chikaiko chomveka kuti munthuyo ndi wolakwa, osati woimbidwa mlandu kutsimikiza kuti ndi wosalakwa. Kunabwera mwini mpunga, mlonda ndi wapolisi wofufuza. Mboni iliyonse ikamaliza, woweruza ankauza mphwanga kuti ndi nthawi yake yofunsa mafunso. Apa ndi pomwe anthu opanda loya amagwa, chifukwa m'malo mofunsa amayamba kufotokoza mbali yawo kapena kukangana ndi mboni, ndipo akadzudzulidwa kuti afunse funso amangoti alibe. Ife tinali titakhala pakhonde usiku wathunthu kukonza mafunso pa pepala la m'kope. Kwa mlonda anafunsa kuti, "Bambo, munandiona ndikulowa m'chigayo?" Mlonda anati ayi. "Munandiona pati?" Anati pamsewu, mukumanga matumba. "Ndinali ndekha?" Anati ayi, panali wina yemwe ankakuuzani pomanga. "Nanga ndinabisa nkhope kapena nambala ya njinga?" Mlonda anaseka pang'ono nkunena kuti jekete lanu linkawala ngati nyali. Kwa wapolisi anafunsa ngati anapeza mpunga kunyumba kwake, ndipo yankho linali lakuti ayi.

Boma likamaliza mboni zake, khoti limayamba laona ngati umboniwo ukukwanira kuti woimbidwa mlandu adziteteze. Woweruza anagamula kuti panalibe umboni woti mphwanga anaba kapena ankadziwa kuti katunduyo ndi wobedwa, choncho analibe mlandu woti ayankhe, ndipo anamumasula. Mlongo wanga anafuna kululutira m'khoti momwemo, ndinachita kumugwira pakamwa.

Zikanapita kwina, akanapatsidwa mwayi wosankha kupereka umboni, kuitana mboni zake kapena kukhala chete. Wopezeka wolakwa amapatsidwanso mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe, ndipo mpata umenewu si wongonena kuti "mundikhululukire" ayi, koma wotchula zinthu zogwirika, monga kuti ndi koyamba kupalamula, msinkhu wake, matenda, kuti katundu anabwezedwa, ndi masiku omwe wakhala kale pa rimandi. Lamulo limati wopalamula koyamba asathamangitsidwire kundende ngati pali njira ina yoyenera, ndipo pa milandu ing'onoing'ono khoti likhoza kulamula kuti munthu akagwire ntchito yothandiza anthu pachipatala kapena pasukulu akugona kwawo. Wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti ali ndi ufulu wochita apilo ku khoti lalikulu, lomwe kuno ku Zomba lilipo, koma ayenera kudziwitsa khoti molemba pasanathe masiku 10. Abale ambiri masiku amenewo amathera kulira ndi kufunafuna wowalodza.

Pa nkhani ya maloya, ambiri aife sitingakwanitse wolipira. Boma lili ndi ofesi ya Legal Aid Bureau, yomwe inakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2011 nkuyamba ntchito mu 2015, ndipo ku Zomba kuno ili ndi nthambi. Maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu, ndipo n'zomveka kuti amatanganidwa kwambiri ndi milandu ikuluikulu monga yakupha, yomwe majisitireti sazenga koma amaitumiza ku khoti lalikulu. Komabe m'bale wa womangidwa ayenera kupitako m'masiku oyambirira, osadikira kuti zinthu zithine. Ngati womangidwayo sanakwanitse zaka 18, makolo anene msanga ndi kuonetsa umboni wa zaka zake, chifukwa mwana sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu, ndipo nkhani yake imapita ku khoti la ana motsatira lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana.

Sindikufuna kuti kalatayi imveke ngati yonyoza apolisi. Ndinaona ndi maso anga wapolisi akugula yekha mapepala olembapo sitetimenti, ndipo wina akuyenda wapansi ndi oganiziridwa awiri kupita kukhoti chifukwa galimoto inalibe mafuta. Koma kusowa kwa mafuta sikungasinthe maola 48 kukhala masiku asanu ndi limodzi. Ngati boma silingathe kumufikitsa munthu kukhoti m'nthawi yake, lamulo linanena kale choyenera kuchita, ndiko kumutulutsa. Makhoti athu asonyeza kuti amatha kuimirira pa mfundo zotere. Mu 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, khoti lalikulu linathetsa gawo la lamulo la vakabu lomwe linkalola kumanga munthu chifukwa chongopezeka pamalo pomuganizira kuti ali ndi zolinga zoipa, ndipo mu 2022 khoti lalikulu la kuno ku Zomba linagamula kuti kusesa anthu mwachisawawa usiku nkuwatsekera popanda kuwauza mlandu n'kosemphana ndi malamulo. Palinso bungwe la Independent Complaints Commission lolandira madandaulo okhudza apolisi. Vuto ndi lakuti zigamulo ndi mabungwe amenewa amadziwika ndi ophunzira a zamalamulo ku Chirunga, pamene mayi wa ku Chingale kapena ku Mayaka yemwe waima pa kauntala ndi kontena la nsima sanazimvepo.

Pempho langa kwa oweruza ndi laling'ono ndipo silifuna bajeti. Munthu aliyense wopanda loya akaonekera koyamba, khoti limufunse lokha, kudzera mwa womasulira, ngati akufuna kupempha belo ndi ngati abale ake alipo, ndipo pomutumiza ku rimandi limuuze tsiku lomwe malire a masiku ake adzakwane. Ndamva kuti oweruza ena amachita kale zimenezi, ndipo ndikupempha kuti chikhale chizolowezi cha onse. Kwa akuluakulu a polisi, ndikupempha kuti pa kauntala iliyonse pakhale chikwangwani cha zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa ndi m'Chiyao kwa ife a chigawo chino, chonena za maola 48, za belo yaulere ndi udindo wa munthu woyenera kumuona, ndiponso kuti anthu okhala pansi pa mitengo aja afunsidwe chomwe amadikira pamenepo tsiku ndi tsiku. Kwa inu Akonzi, mumatilembera bwino za anthu omwe agamulidwa zaka zakutizakuti, koma tipatseniko danga, ngakhale kamodzi pamwezi, lomwe wodziwa malamulo angamayankhe mafunso a anthu omwe m'bale wawo wangogwidwa dzulo. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti akhoza kuwerengera anthu awo.

Njinga ija inakhala ku polisi ngati umboni mpaka mlandu unatha, ndipo inatuluka matayala ataphwa, batire itafa. Mwini wake anaitenga nkuipereka kwa mnyamata wina, ndipo sindingamudzudzule, chifukwa anakhala miyezi itatu osalandira kanthu. Mphwanga pano akuumba njerwa za anthu kuti apeze ndalama yobwerekera njinga ina, ndipo akuti akadzabwerera pamsewu, wokwera aliyense wa katundu azidzayamba wamujambula pafoni asanamange thumba. Ndalama ya belo tinaitenga titaonetsa risiti, yomwe mlongo wanga anaisunga m'Baibulo. Ya mbuzi ija sitinaionenso.

Ine wanu,
Malume wa wakabaza,
Zomba.